Poto wa Pakhonde

Bambo anga ameta anthu zaka makumi atatu pampando umodzi womwewo. Chaka chatha wina anaika pa intaneti chithunzi cha mutu wa zilonda, nalemba kuti anazitenga kwa iwo. Sabata isanathe, pabenchi podikirira panangoti zii.

Iwo sadziwa kukangana pafoni. Anangotulutsa poto pakhonde, n'kumawiritsa malumo ndi masizasi aliyense akuona. Ine ndinajambula kanema n'kuika pomwe panali bodzalo. Anaonera anthu khumi ndi mmodzi.

Patapita miyezi, mwini chithunzi uja anabwera. "Pepani bambo, kuchipatala akuti ndi zipere, anandipatsira mwana wanga." Ankanong'ona ngati akuba.

"Mukalembe pomwe paja," anatero bambo.

Sanalembe. Mpaka lero madzi amawira m'mawa uliwonse, n'kuzizira pampando pasanakhale munthu.