Nkhata ya Makolo pa Maliro a Sitefano

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa ndi mpando umene ndinagonapo kuseri kwa nyumba ya mwana wanga Esinati ku Hobhouse. Amayi a mpingo anali ataimba usiku wonse, ndipo m'chipinda momwe munali bokosi la mlongo wake, Sitefano, munkangomveka mawu a mmodzi yekha. Panja moto unali utayaka kale. Madzi a tiyi ankawira mu mgolo, atsikana akudula kabichi. Chifunga chinali chitatsika kumapiri ndipo kunkazizira.

Sitefano ankasewera m'mafilimu. Chaka chatha achinyamata ena anayamba kujambula filimu ya moyo wake: komwe anakulira, mmene anayambira ntchitoyo, banja lake, matenda ake. Gawo loyamba linatuluka iye akadali moyo, ndipo ndinalionera pa foni ya Esinati. Atamufunsa za makolo, anayang'ana pansi n'kunena kuti bambo ake anamwalira iye ali mnyamata.

Sindinganene kuti ananama. Famu ya nthochi ku Burma Valley, komwe ndinkagwira ntchito, italandidwa, tinabwera m'tauni tilibe ntchito, ndipo ine ndinkafuna kuti azinyamula katundu pamsika. Tsiku lina ndinamupeza akuchita sewero kuholo ya mowa, atavala jekete langa la kutchalitchi, akutsanzira kayendedwe kanga, anthu akufa ndi phwete. Ndinamumenya pamaso pawo. Ndinamuuza kuti kuyambira tsikulo alibe bambo. Anandimvera.

Kutacha, makombi, timabasi tating'ono, anayamba kutsitsa anthu. Kunabwera osewera anzake atavala magalasi akuda, amayi a pamsika, madala amene anagwira ntchito kunjanji, ndi ena ongofuna kuona. Ojambula filimu aja anafika atatu, mtsikana wonyamula mapepala ndi anyamata awiri a kamera. Esinati anali atawauza kale kuti ndine malume. Mtsikanayo anandipatsa moni mwaulemu m'Chishona n'kundipempha kuti ndisunthe pang'ono, popeza ndinkatchinga chithunzi cha malemu.

Kulikonse kumene ndinakhala, kamera inkandipeza. Nthawi yoona nkhope itakwana, sindinalowe ndi abale. Ndinaima pamzere wa anansi. Ndinadutsa pabokosi mofulumira ngati enawo, chifukwa wa kumbuyo kwanga ankandikankha.

Tinanyamuka masana mvula ikuwaza. Ine ndinakwera lole ya anthu wamba. Kumanda dothi linali lofiira, lomata nsapato. M'busa atapemphera ndipo dzenje litakwiriridwa, inafika nthawi ya nkhata. Kwathu nkhata siziikidwa chisawawa. Woitana amawerenga ubale umodziumodzi, ndipo woitanidwayo amatuluka yekha pagulu, aliyense akumuona.

Esinati anadzandigwira mkono.

"Ababa, nkhata ya makolo ili m'lole. Ndikatenge?"

Kakhadi ka pa nkhatayo ndinali nditalemba ndekha dzulo lake. Kulemba ndinaphunzira ndili ndi imvi kale, ndipo mawu awiri okha, akuti bambo ako, ananditengera nthawi.

Woitana anatchula mkazi wa malemu, kenako ana. Atafika pa makolo anaima, n'kukweza maso papepala. Madala akunjanji, amene amandidziwa, anatembenukira kwa ine. Mnyamata wa kamera anaona kumene ankayang'ana, naye anatembenuza chida chake.

Ndikanatuluka, aliyense wodzaonera filimuyo akanati Sitefano anali wabodza, anakana bambo ake ali moyo. Iye sakanatha kuyankha, ndipo za jekete ndi holo ya mowa zikanatsala ndi ine ndekha. Ndinali nditamuchititsa kale manyazi pagulu kamodzi. Ndinaima pomwepo, chipewa chili m'manja.

Woitana anatsokomola. Anati makolo onse anatsogola, n'kuitana osewera anzake. Mdala mmodzi analavula pansi n'kundifulatira.

Madzulo anthu atasamba m'manja n'kudya anabalalika. Mabenchi anabwezedwa kutchalitchi. M'nyumba munatsala fungo la utsi ndi mphasa zopindapinda pakona. Nkhata ija inabwerera pamodzi ndi mapoto, chinthu chosayenera, ndipo Esinati anailowetsa m'kachipinda kanga ataiphimba ndi chitenje.

Ndinamuuza kuti mawa m'mamawa ndipita nayo ndekha.

"Ayi, ababa. Ojambula aja ati akhala akupita kumandako mpaka Lachisanu. Akudikira dzuwa kuti ajambule bwino."

Linali Lachiwiri. Esinati atatuluka ndinavundukula chitenjecho. Maluwa a m'mphepete anali atayamba kale kufota. Ndinatunga madzi m'kapu, ndinachotsa kakhadi kuti kasanyowe, n'kuyamba kuwaza ndi zala.