Laputopu ya Ba Mulenga

Ndinanamiza Ba Mulenga, mayi ogulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku Chawama, ndipo mpaka lero amanditcha katswiri.

Ndinawapangira pulogalamu ya pafoni yojambulira zovala n'kutumiza kwa makasitomala. Mwana wawo atawagulira laputopu, mayiwo anandipempha kuti pulogalamuyo izigwiranso ntchito pamenepo. Ndinangokulitsa mabatani, osayesa n'komwe, n'kuwauza kuti zatheka. Ukatswiri wanga wonsewo sunandikumbutse kuti foni ili ndi kamera kumbuyo, pomwe ya laputopu imayang'ana mwini wake.

M'mawa mwake anayala masiketi patebulo n'kuyamba kujambula. Makasitomala analandira nkhope ya Ba Mulenga itachita tsinya, pansi pake palembedwa kuti, "Yakale koma ikali yolimba."

"Ba Phiri, nanga ivi ni vichani?" anandifunsa, akundilozera chithunzicho.

Munthu woopa Mulungu akanavomera pomwepo. Ine ndinakonza kolala ya shati n'kunena kuti, "Ni mwamene vimasebenzela vipangizo va masiku ano, amayi. Muziitembenuza chabe laputopu."

Anandithokoza, n'kundipatsa tayi yaulere.

Kukonza kuti zithunzi zizichokera pafoni si ntchito yovuta, koma ndingayambe bwanji osavomera kuti ndinanama? Ndiye ndikamadutsa pamsika ndimawaona atayang'anitsa laputopu ku masiketi, dzanja likupapasa batani lomwe sakuliona, ine n'kufulumiza miyendo.

Sabata yatha anandiitana monyadira. Aphunzitsa kale anzawo atatu katembenuzidwe kake, ndipo onsewo akufuna nambala ya katswiri.