Tambula ya Ba Lito

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, koma ndinali ndidakali m'Giredi yachiwiri. Sukulu ndinaiyamba mochedwa chifukwa ubwana wanga unathera kubusa, kumbuyo kwa ng'ombe za amalume kufupi ndi Chalimbana. M'kalasi mawondo anga sankalowa pansi pa desiki, ndipo tiana timene ndinkaphunzira nato tinkanditcha Ba Shikulu, ngati kuti ndinali agogo awo. Ndinkapirira, pakuti ndinali nditalira nthawi yaitali kuti ndikhale pa benchi imeneyo.

Atate anga, a Tembo, anali kalipentala. Zitseko, mipando ndi mabokosi a maliro a m'dera lathu zinkachokera m'manja mwawo, ndipo yunifomu yanga inkachokera m'zitseko zomwezo. Koma ankamwa kachasu. Ankamwera pa shabini ya Amake Jelita, kanyumba ka udzu kamene kanali pansi pa mtengo wa mpundu m'mbali mwa msewu wafumbi. Pamenepo mwamuna aliyense ankagula kabotolo kake n'kukapanira pakati pa miyendo ngati wina amulanda. Dzuwa likapendeka amayi ankangondiyang'ana, ine n'kutenga wilibala. Gudumu lake linkalira moti mudzi wonse unkadziwa kuti a Tembo akubwerera kunyumba, miyendo ili lendelende, chipewa chili pamimba.

Chaka chimenecho ku koleji ya aphunzitsi ya ku Chalimbana kunabwera mwamuna wamfupi, wa tsitsi lakuda losalala, wodzaphunzitsa sayansi. Anthu ankati ndi Mchaina. Iye ankaseka n'kupukusa mutu, amvekere kwawo ndi ku Filipini, dziko la zisumbu lozingidwa ndi nyanja yamchere. Dzina lake lonse linatikanika, choncho tinkangoti Ba Lito. Alendo ena a ku koleji ankamwera ku Lusaka pa Loweruka. Ba Lito okha ndi amene ankatsika pa njinga masana aliwonse akaweruka, n'kuitsamiritsa pa mpundu wa Amake Jelita.

Ndinawaona tsiku loyamba ndili pa wilibala yanga kudikira atate. Atafika anayang'ana amuna onse, n'kuona kuti wamkulu pa onsewo anali atate. Anawerama, anatenga dzanja la atate, lija lokakala ndi lodzaza mabala a macheka, n'kulikhudzitsa pamphumi pawo. Atate analibweza msanga.

"Ah, ah! Nanga n'chiyani ichi? Mufuna kunilodza?"

Amuna anafa ndi phwete. Ba Lito anafotokoza m'Chinyanja chawo chopunduka kuti kwawo wamng'ono amapereka moni wotero kwa wamkulu, kupempha dalitso. Atate anayang'ana dzanja lawo kwa nthawi. Sindikhulupirira kuti panali munthu wovala taye amene anali atawaweramirapo chibadwire.

Kenaka Ba Lito anatulutsa m'thumba la jekete katambula kakang'ono ka galasi, kokutidwa mu mpango. Anagula botolo limodzi, anapempha kuti mabenchi awazungulize, ndipo anati kwawo samwa yense payekha. Tambula imakhala imodzi, wothira amakhalanso mmodzi. Iye amathira muyeso, amapatsa munthu, munthuyo amamwa n'kubweza tambula, kenaka imapita kwa wotsatira. Mwambowo ankautcha tagayi. Dontho loyamba analithira pansi, ati ndi la amene sitiwaona.

"Izo tizidziwa," anatero atate. "Nafenso kale tinali kumwera chipanda chimodzi. Koma pa chipanda wa khosi lalikulu ndiye anali kupambana."

"Pano khosi siligwira nchito, Tatay," anayankha Ba Lito. "Ligwira nchito ni dzanja langa."

Tatay linali liwu lakwawo lotanthauza atate, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanawaitanenso ndi dzina lina.

Chinanso, Ba Lito sankalola kuti mowa uyende wopanda chotafuna. Ankabwera ndi kapenta wokazinga wofinyira mandimu, wosakaniza ndi anyezi ndi tsabola, nthawi zina nsawawa, tsiku lina makutu a nkhumba ootcha oduladula. Fungo la mandimu ndi utsi ndimalimvabe m'mphuno mwanga. Tambula ikamazungulira ankasimba za kwawo. Ankati tauni yawo ili pamchenga weniweni, ndipo mabwato akabwerako kokapha nsomba amuna amakhala pa kasitolo kofoleredwa ndi makwawule a kokonati, mapazi ali mumchenga, wina akukhwacha gitala. Ankati kumeneko munthu wodutsa m'njira amaitanidwa kuti alaweko, ndipo kukana n'kupereka manyazi. Amuna athu, amene sanaonepo madzi oposa mtsinje wa Chongwe, ankawaseka.

"Ba Lito, nanga mchere wonse uja anathiramo ndani?"

"Apongozi anga," ankatero, "analakwitsa pophika."

Ine ndinkamvetsera ndili chapatali, ndipo chimene chinandidabwitsa n'chakuti wilibala inayamba kubwerera yopanda kanthu. Botolo likatha Ba Lito ankapukuta tambula, kuikulunga mu mpango, n'kunena kuti kwa lero kwatha. Ankakankha njinga yawo pambali pa atate mpaka pa mphambano yathu. Atate ankalowa m'nyumba ndi miyendo yawo, dzuwa lisanalowe, akununkha mandimu. M'mawa macheka ankamveka. Amayi anati Mulungu wamva mapemphero a azimayi a mpingo, ndipo ine ndinavomereza. Patapita nthawi anandiuza kuti ndisamavutikenso kupita ndi wilibala. Ndinayamba kukhala ndi nthawi yowerenga, ndipo nyengo yozizira imeneyo ndinaphunzira kulemba dzina langa popanda kuonera.

Zinthu zinayamba kuipa kusukulu. Mnyamata wina wamng'ono, mwana wa kalaliki wa ku boma, anaimirira pa nthawi yopuma n'kufuula pamaso pa onse:

"Ba Shikulu! Batate bako banyambita tambula ya Mchaina! Bayembekeza monga galu pa chitseko ca khichini!"

Sindikanamumenya, chifukwa ndinali wamkulu kwambiri ndipo akanandichotsa sukulu. Ndinangomeza. Koma mawuwo anafalikira, ndipo tsiku lililonse wina ankandilirira ngati galu ndikamadutsa. Chodabwitsa n'chakuti za wilibala sanandisekepo kwambiri. Kuledzera kunali kwa atate ambiri. Koma kudikira kuti mlendo akuthirire, ichocho chinali cha atate anga okha, kapena ndi mmene ndinkaonera.

Masana ena a mwezi wotentha amayi anandituma kukauza atate kuti kwabwera munthu wofuna chitseko. Ndinafika pa mpundu mutu uli kale wotentha. Ndinawapeza atakhala pabwalo lawo lija, manja ali pa mawondo, maso akutsatira tambula pamene inkachoka kwa uyu kupita kwa uyo. Itawafika anamwa, anabweza, kenaka ananena chapansipansi:

"Onjezako pang'ono, mwana wanga."

Ba Lito anamwetulira n'kuwakankhira mbale ya kapenta.

"Yembekezani, Tatay. Izabwera."

Ndipo atate anayembekeza. Munthu wa imvi, amene anakhomera mabokosi theka la manda a m'mudzi mwathu, anatola kapenta mmodzi n'kumatafuna mwakachetechete. M'makutu mwanga munkangomveka kulira kwa galu kwa ana aja.

Ba Lito atandiona anatsuka tambula, anathiramo madzi ozizira a mu mtsuko n'kunditambasulira ndi manja awiri. "Lazalo, wachoka kutali. Imwa."

Ndinailandira. Ndinaiponya pa muzu wa mpundu ndi mphamvu zonse za m'busa, ndipo inaphulika ngati mfuti.

"Atate anga si galu wanu!" ndinakuwa. "Ni amuna! Angagule botolo lao-lao, osapempha kwa munthu!"

 Kenaka mwamuna wina kumapeto kwa benchi anaseka kamodzi, n'kunena kuti, "Ba Tembo, mwamva? Mwana wakamba."

Ndinayembekezera khofi, ndipo bwenzi zili bwino akanandimenya. Atate sanandikhudze. Anayang'ana amuna aja mmodzimmodzi, nkhope yawo ikuda. Kenaka anaimirira, anawongola jekete, n'kuitana mokweza kuti aliyense amve:

"Amake Jelita! Nipaseni botolo. Langa-langa."

Ba Lito anali atagwada akutola magalasi mmodzimmodzi n'kumaika mu mpango uja. Ankamwetulirabe, ndipo ankabwereza kuti, "Pepani, pepani, nalakwa ndine." Kumwetulirako kunandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa ndinkayesa akundinyoza. Ndinadzamva nditakula kuti anthu akwawo amamwetulira choncho manyazi akawapyoza, ndiponso kuti kuchititsidwa manyazi pagulu ndi bala limene salipirira. Anakwera njinga napita. Pa shabinipo sanapondeponso.

Madzulo amenewo ndinabwerera kukatenga wilibala. Gudumu linali litachita dzimbiri, ndipo linalira kuposa kale. Amayi anatuluka pakhomo atamva phokosolo, anayang'ana atate, anayang'ana ine, n'kubwerera m'nyumba. Wa chitseko uja anali atapita kale.

Lamlungu lotsatira Ba Lito anabwera kwathu. Ndinawaona akutsika njinga pa mphambano, atanyamula kanthu kokulunga m'pepala. Atate anali chigonere kuseri kwa nyumba kuyambira dzulo lake, ndipo amayi anali kutchalitchi. Ndinakawachingamira panjira kuti asafike pabwalo.

"Tatay alipo?"

"Kulibe. Anapita ku Lusaka."

Anayang'ana kupyola phewa langa. Mapazi a atate ankaoneka bwinobwino pakona ya nyumba. Sananditsutse. Anangondipatsa kaphukusiko, nati, "Uwapatse akabwera." Munali tambula yatsopano, yaing'ono ngati yoyamba ija. Sindinawapatse. Amayi anaipeza pambuyo pake n'kumasungiramo mchere, osadziwa kumene inachokera.

Zotsatira zake sizitenga mawu ambiri. Macheka anayamba kumveka mwa apo ndi apo, kenaka analekeratu. Chaka chisanathe ndinasiya sukulu kuti ndimalize zitseko zimene atate analandirira kale ndalama zake. Ndinadzabwerera ku maphunziro ndili ndi ana atatu, m'makalasi a akuluakulu, n'chifukwa chake ndikulemba izi ndi dzanja lolemera. Ba Lito nthawi yawo itatha anabwerera kwawo, ndipo ndinangomva kwa anthu kuti anapita. Atate anamwalira nyengo ya mvula ina, atagona panja osapezeka msanga. Bokosi lawo ndinakhoma ndine.

Pa maliropo Amake Jelita, atakalamba kale, anandikokera pambali. Sankandidzudzula. Ankangokumbuka.

"Mlendo uja anali wochenjera," anatero. "Sunaone? Akafika pa a Tembo anali kutsitsa chala pa tambula, muyeso n'kuchepa. Nthawi zina anali kuthira na madzi. Ndipo botolo lachiwiri anali kunikaniza na maso."

"Atate sanadziwe?"

"Anadziwa! Kalipentala angalephere kuona muyeso? Koma pa bwalo paja aliyense anali kuyembekeza, olemera na osauka. Sanali kuoneka kuti ni iwo odwala."

Mawu amenewo ndakhala nawo mpaka lero. Amayi analephera kuwaletsa ndi misozi, abusa analephera ndi ulaliki, ine ndinkangodziwa kukankha wilibala. Mlendo wosowa kwawo, amene ankangofuna anzake omwa nawo monga ankachitira pamchenga wa tauni yake, anapeza njira yowachepetsera mowa popanda kuwachotsera ulemu. Ankawatcha Tatay, ankawaweramira, kenaka n'kuwamana, ndipo atate ankalola chifukwa kumanidwako kunabwera atavekedwa kale ulemu. Ine ndinaona kumanidwa kokhako.

Masiku ano ku boma la Chongwe mabala a mowa achuluka. Ndikamadutsa madzulo ndimaona anyamata otsika m'maminibasi ochokera ku Lusaka, aliyense ndi botolo lake, aliyense maso pa foni yake, palibe woyang'ana kuti mnzake wamwa angati. Mdzukulu wanga wamkazi, amene amaphunzira ku Chalimbana komweko pamene tsopano pali yunivesite, anandionetsa pa foni kanema wa anthu a ku Filipini ali m'mphepete mwa nyanja, atazungulira tebulo, tambula imodzi ikuyenda, wina akuimba. Anati, "Agogo, onani, osauka mpaka kubwerekana gilasi!" Ndinamuuza kuti abwezenso. Anabweza katatu, kenaka anandifunsa ngati utsi wa mbaula wandilowa m'maso.

Ine sindimwa, ndipo anthu amandiyamikira chifukwa cha zimenezo, koma si ukoma wanga ayi, ndi mantha. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti tsiku lija sindinkateteza atate. Ndinkateteza makutu anga kwa tiana ta Giredi yachiwiri, ndipo ndinawakakamiza atate kusankha pakati pa moyo wawo ndi kuoneka amuna pamaso pa anzawo. Anasankha chimene mwana wawo anawauza kuti ndicho umuna.

Tambula yachiwiri ija ikadalipo. Ili pa shelufu m'nyumba mwanga, ndipo mkazi wanga amasungiramo mchere monga ankachitira amayi. Ndikamaitenga patebulo chala changa chimapita chokha pamene muyeso wa atate ukanafika, pansi pang'ono kuposa wa ena onse.