Miyala Iwiri Imene Ndinakwecha

Ndinali nditakwecha miyala iwiri pamene azakhali anandigwira pamkono.

"Yohane! Ukutani?"

"Ndikutsuka. Yada."

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mwezi umodzi chifikireni ku Nairobi. Bambo atamwalira ku Ntcheu, azakhali ananditenga kukakhala nawo ku Umoja, dera lina la mumzindawo. Ntchito yawo inali yofufuza za m'nyanja yamchere. Pabalaza panali thanki yagalasi, m'kati muli nsangalabwi zisanu ndi imodzi zochokera pansi pa nyanja, cha ku Mombasa. Zonse zinali ndi nkhanambo zofiirira. Kwathu chinthu cha nkhanambo timachikwecha. Ndinatenga waya wotsukira mapoto.

Sanandimenye. Anandipatsa galasi lokuzira zinthu, nandiloza mwala umene ndinali ndisanaukhudze. Ndinaona timabowo tambirimbiri. M'timabowo tina munkatuluka tinthu ngati nthenga, tikugwedezeka, kenako n'kubisala.

"Ndi mudzi umenewu," anatero. "Wamangidwa zaka zambiri. Iwe waugumula madzi a tiyi asanawire. Ukadzalakwanso, ukukwera basi yobwerera ku Ntcheu."

Ku Ntcheu kunalibe wondisunga. Choncho ndinaphunzira. Kuyeza mchere m'madzi. Kusamba m'manja popanda sopo ndisanayandikire thanki. Ndi lamulo lalikulu: mwala sautembenuza. Zokhala pamwamba zimafuna kuwala, zapansi zimafuna mthunzi.

Patapita miyezi isanu ndi itatu, kunabwera bwana wa kuntchito kwawo, Mkenya wa suti. Azakhali ankafuna awathandize kuletsa makoka olemera amene sitima zimakoka pansi pa nyanja. Azakhali atalowa kukhitchini kukatenga tiyi, bwana uja anapinda malaya, napisa dzanja m'thanki kuti atembenuze mwala.

Ndinawagwira pamkono.

"Wewe, kijana!" anandikuwira m'Chiswahili, kuti iwe mnyamata.

Azakhali anaima pakhomo, thireyi ili m'manja. Mwana kugwira munthu wamkulu, mlendo, bwana! Basi ija ndinaiona m'maso mwawo. Koma sindinasiye mkonowo. Ndinaloza miyala yanga iwiri pakona ya thanki. Inali idakali mbee, kupatula ndere pang'ono.

"Azakhali, auzeni. Iyi ndinakwecha ndine. Mpaka lero palibe chabwerera. Makoka ajanso ndi waya wamapoto, kungoti ndi wamkulu."

Anawauza m'Chingerezi. Bwana anayang'ana miyala ija nthawi yaitali. Anatulutsa dzanja lopanda kanthu, madzi akudontha pasuti. Kenako anapempha galasi lija, nagwada pasimenti. Tiyi anazizira.

Za makoka sindidziwa kuti zinatha bwanji. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, lero ndimamanga nyumba za anthu. Koma ndisanakweche kapena kugumula chinthu, ndimayamba ndayang'anitsitsa ngati mulibe mwini wake. Anzanga amandiseka. Aseke.

Tsiku lija, galimoto ya bwana itachoka, azakhali anandiitana.

"Mawa tikwera minibasi, tikagule yunifolomu ya sukulu. Yokulirapo, ya zaka ziwiri. Wamva?"

Ndinamva. Basi ija sindikweranso. Ndinanyamula chidebe cha madzi akale a m'thanki, n'kutuluka panja kukataya.