Ndinatsika m'ndege kuti ufa ukwere

Lachitatu lapitali, ndi imvi zangazi, ndinaimikidwa pa sikelo ngati thumba la chimanga. Amene anandiimikapo ndi a Mbewe, mnzanga wa ku tchalitchi, amene ali ndi kandege kawokawo ku famu kwawo ku Pembamoyo.

A Mbewe anagwira ntchito yokonza ndege ku Lusaka zaka zambiri. Atapuma pa ntchito, anzawo anagula zigayo ndi malole, koma iwo anagula kandege kakale ka mipando inayi n'kubwera nako kumudzi. Kamagona m'shedi ya malata. Msewu wake ndi wa udzu, amatchetcha okha ndi chikwakwa, ndipo m'mawa uliwonse amauyendera ndi khasu kuona ngati chiswe chamanga kachulu kapena ng'ombe yasiya dzenje. Anthu amati a Mbewe ali ndi mitala, ndipo amene amasamalidwa bwino ndi mkazi wamng'onoyo. Mayi Mbewe akamva zimenezi amangoti, "Bola ameneyo sayankha."

Sabata yatha ndinaitanidwa ku telefoni ya ku positi. Mwana wanga Esinati wabereka mwana wamkazi ku Lusaka, mdzukulu wanga woyamba. Mayi ake a Esinati anatisiya zaka zinayi zapitazo, choncho ntchito yokasambitsa khanda ndi kulangiza mayi watsopanoyo inagwera akulu awo a malemuwo, alamu anga aNaphiri a ku Mlolo. Zinangochitika kuti a Mbewe amati apite nako kandegeko ku Lusaka kuti akakayendere akuluakulu oona za ndege, monga amachitira chaka ndi chaka.

"Mipando ilipo, tiyeni nonse awiri," anatero. "Koma katundu akhale wochepa, ndipo tinyamuke dzuwa lisanakwere."

Mawu akuti "wochepa" ndinakawatula ku Mlolo ndi pakamwa pangapa. Lachitatu ine ndinafika ku famu mame asanaume, ndi kasutikesi kamodzi. Alamu anafika dzuwa litayamba kuswa mtengo, atakhala pa ngolo ya ng'ombe. Kumbuyo kwawo kunali thumba la ufa woyera, thumba la mtedza, lichero la nyemba lomangidwa m'chitenje, zikwatu za mfutso, ndi nkhuku ziwiri m'dengu.

Podikira paja ndinaona mmene a Mbewe amakonzekerera ulendo. Anakazungulira kandegeko ngati mmene mlimi amazungulirira ng'ombe yake asanaimange pa goli. Anagwedeza mapiko, anagwira matayala, anayeza oyilo. Anatunga mafuta pang'ono pansi pa phiko m'kabotolo koyera n'kukakweza padzuwa, kufuna kuona ngati mulibe madzi. Anasuzumira m'kachubu kakang'ono kotulukira kutsogolo kwa phiko, n'kundiuza kuti mavu akamatamo dothi, woyendetsa sadziwanso liwiro limene akuyenda. Chilichonse analemba m'kabuku. Inali ndege yomwe anaipukuta okha dzulo lake, koma anaiyang'ana ngati sanaionepo.

Ataona ngolo ija, anangovula chipewa n'kukanda m'mutu. Kenaka analowa m'shedi n'kutulutsa sikelo.

Matumba anakwera bwinobwino. Ine ndinakwera. Vuto linayamba atatembenukira kwa alamu.

"Amayi, pepani, imani apa."

"Ine? Kodi mukufuna kundigulitsa?"

"Iyayi amayi, ndi lamulo."

"Ku chipatala kokha ndiye ndimayezedwa, ndipo kumeneko amandiyeza ndi mwana wamkazi. Alamu, tembenukirani uko! Mukapita nazo ku nyuzipepala zimenezi, ndikudziwani inu."

Ndinatembenuka. Nambala yawo sindinaione, ndipo ngakhale ndikanaiona simukanaimva kwa ine.

A Mbewe anawonkhetsa m'kabuku kaja, anabwereza kawiri, kenaka anati: "Sizitheka. Talemera. China chitsale."

Alamu analoza mpando wachinayi. "Nanga malo aja? Mpando wonse uja uli wopanda munthu."

"Nkhani si malo, amayi. Mukuona mabulugama ali kumapeto kwa msewu aja? Kukatentha chonchi mphepo imapepuka, mapiko sagwira msanga. Ndege yolemera imathamanga mtunda wautali isanadzuke. Tikadzafika pa mitengo paja tisanakwere, kulibe kubwerera m'mbuyo."

"Chepetsani mafuta."

"Kumwamba kulibe pothira."

"Ndiye tipemphere. Si inu a mpingo?"

"Tipemphera ndithu," anatero a Mbewe mofatsa. "Koma tikati ameni, thumbali lidzakhala likulemerabe chimodzimodzi."

Ndinayesa kuthandiza. Ndinati tipungule ufa, wina ndidzabwera nawo pa basi tsiku lina. Apa m'pamene nthabwala zinathera. Alamu anagwira pakamwa pa thumbalo ndi manja awiri.

"Alamu, ufa uwu si wanga. Wasonkhedwa nyumba ndi nyumba. Muli mbale ya aNangozo, muli ya aNabanda amene chaka chino sanakolole n'komwe, muli ya agogo akhungu aja amene anamulera Esinati pamsana. Ndichotse wa yani? Ndikabwerera kumudzi ndikati wa uje unatsala?" Kenaka anati: "Mng'ono wanga akanakhalapo, sakanalowa m'nyumba ya mkamwini chimanjamanja. Sindikufuna mwana uja ayang'ane m'manja mwanga n'kukumbukira kuti alibe mayi."

Nkhuku zokha ndi zimene zinkadandaula m'dengu muja.

Owerenga anga, ine sindinakwerepo ndege chibadwire. Nsapato ndinali nditapukuta, ndipo ndinali nditaganizira kale mawu amene ndikanene pomunyamula mdzukulu wanga. Koma ndinadzifunsa kuti: m'masiku oyamba ano, Esinati akufuna chiyani? Bambo wokhala pa sofa kudikira tiyi, kapena mayi wodziwa kugwira khanda m'madzi?

"A Mbewe," ndinatero, "nanga ndikatsika ine?"

Anayang'ananso m'kabuku. "Mukatsika inu ndi sutikesi yanu, zikwana, ndipo tikhala ndi mpata. Koma nkhuku ayi. Imodzi ikamasuka m'mwamba muja sindingathe kugwira zinthu ziwiri."

Alamu anandiyang'ana nthawi yaitali, maso atalengeza misozi. Kenaka anapukuta ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti, "Ndiye kuti zaka zonsezi mng'ono wanga ankakuphikirani, kulemera kwanu kunangofika pa thumba la ufa ndi mtedza basi?"

Matumba anawaika pa mipando ya kumbuyo n'kuwamanga malamba ngati anthu aulemu wawo. Alamu anakhala kutsogolo, Baibulo atalifumbata pachifuwa. Tinapemphera. Ine ndi mayi Mbewe tinathamangitsa mbuzi pa msewu uja. Kandege kanalira, kanathamanga, kanathamangabe, kenaka kanadzuka n'kudutsa pamwamba pa mabulugama patatsala mpata wabwino. Nditaona kutalika kwa mtunda umene kanathamanga, ndinamvetsa kumene mpata umenewo ukanapita ndikanakhalamo.

Ndinabwerera ku boma pa njinga, nkhuku ziwiri pa kaliyala.

Tsiku lotsatira Esinati anaimba ku positi. Anati ataona zikwatu za mfutso zomangidwa ngati mmene ankamangira mayi ake, analira mpaka khanda nalo linayamba kulira. Kenaka anandikalipira: "Ababa, zoona mwasinthana ndi ufa?"

Chinyamukire ndege ija ndakhala ndikuganizira za ife anthu a kuno. Ndife anthu osadziwa kunena kuti "kwadzaza." Mlendo akabwera timamufunyululira mphasa ngakhale nyumba ili yothina. Wina akamachoka timamusenzetsa mpaka khosi kupindika. Khalidwe limeneli ndimalikonda, ndipo ndi limene linandisunga m'miyezi ija nditangoferedwa, pamene mbale zinkabwera pakhomo panga ndisanapemphe. Sindikufuna lithe.

Koma khalidwe lomweli talilowetsanso m'magalimoto. Taonani minibasi ya ku Chipata ikamanyamuka pa msika. Mpando wa anthu atatu pali asanu. Pamwamba pali matumba, njinga, nthawi zina mbuzi. Matayala aphwa ngati mkate wotsala. Wina akaimika dzanja panjira, tonse timati, "Mutengeni, ndi munthu mnzathu, tisuntha." Ndipo mayi wina amayambitsa pemphero loti tiyende bwino.

Sindikunyoza pempherolo. Inenso ndimatseka maso n'kuvomera. Sindikuweruzanso kondakitala, amene ali ndi ana ofuna kudya, kapena munthu wa panjira uja amene mwina akuthamangira wodwala ndipo galimoto ina sidzadutsa mpaka mawa. Ndikungofunsa kuti: kodi Mulungu amene timamupempha kuti agwire chiwongolero si yemweyo amene anatipatsa maso oonera kuti tayala latha? Kodi n'chikhulupiriro kumusenzetsa Iye ntchito imene anaika m'manja mwathu?

A Mbewe amapemphera kuposa ine. Koma sananyamukepo asanayang'ane m'kabotolo kaja. Kwa iwo kuyeza ndi kupemphera sizilimbana. Ndipo "ayi" wawo uja, amene anamveka wouma pa nthawiyo, ndi amene anafikitsa alamu anga amoyo ku Lusaka, ndi ufa wa mudzi wonse osapungulidwa ngakhale mbale imodzi.

Chimene chikundivutitsa n'chakuti kutsika kwanga Lachitatu kunali kosavuta kwenikweni. Panali sikelo, panali kabuku, panali munthu wolimba mtima wonena kuti sizitheka. Ine ndinangovomera.

Lolemba likudzali ndikukwera minibasi ya ku Chipata, kuti ndikapeze basi ya ku Lusaka ndikamuone mdzukulu wanga. Kumeneko kulibe sikelo. Tikadzadzaza, kondakitala n'kutsegulanso chitseko n'kunena kuti, "Madala, sunthani pang'ono, malo alipo," ndikudziwa kuti maso onse adzakhala pa ine, ndipo mtima wanga udzakhala uli kale ku Lusaka. Sindikulonjeza kuti pakamwa panga padzatseguka. Koma pakadzatseguka, inu amene mudzakhale pambali panga, mudzandithandiza kunena kuti kwadzaza, kapena mudzayang'ana pawindo?