Anapiye a achimwene anditayitsa ntchito

Mwaswera nonse apabanja, ndi inu amalume. Ine ndapsa mtima, ndilankhule pompano.

Kompyuta yanga ya patebulo ija yazima yokha kanayi m'mawa uno, ndikulemba kalata yofunsira ntchito ku bwalo la ndege ku Chileka. Tsiku lomaliza linali lero. Magetsi alipo, nthambo ndi yatsopano, koma ikangotentha pang'ono basi yazima.

Ndathamanga nayo pa kabaza kwa okonza pa Lirangwe, ndafikira kuwakalipira kuti anandigulitsa nthambo yachabechabe. Iwo angoitsegula. Abale inu, fani yonse yatsekeka ndi madeya ndi tinthenga tachikasu! Akuti, "Mayi, mukuwetera nkhuku m'menemu?" Anthu kuseka, ine manyazi.

Kufika kunyumba, achimwene anga a Yohane avomera osaphethira n'komwe. Akuti ndikachoka amaiyatsa, n'kugunditsa katoni ya anapiye awo kumbuyo kwake kuti aziwothera mpweya wofundawo. Ati makala adula.

Kalata yanga sinapite. Anapiye ali gwa, onenepa.

Amalume, weruzani: kwa okonza aja akapepese ndani? Nanga nkhukuzi zikakula ndi za ndani, poti yalera ndi kompyuta yanga?