Timizu ta Mayi Ozella

Kwathu kuno kumidzi ya ku Mississippi mlimi sayamikira mbewu zake. Ukamufunsa za kumunda amayang'ana pansi n'kumati chaka chino zavuta, chikhalirecho galimoto ikukanika kudzuka ndi katundu. Tinakula choncho, timati kudzitama n'kuputa Mwini mvula. Koma pa khalidweli panalibe wofika pa Mayi Ozella Tubbs.

Anali mayi wamasiye, wamfupi, wa mawu ogwedeza mawindo a tchalitchi. Mbatata zawo zinali zotsekemera moti ana ankangozikukuta zaziwisi, koma eni ake ankazitchula kuti "timizu tangati". Chaka chimenecho wogula wa kopaletivi yathu anatithawa, mbatata zija zili mbwee m'shedi, zina zitayamba kuphukira. Zikanapanda kugulidwa, a Ozella akanaupereka kwa ena munda umene amuna awo anawasiyira. Mtima unkawawawa kwambiri.

Ndiye kunabwera Mayi Lorna Petrak, amene anapuma pantchito yogulira masitolo zakudya, kudzatiphunzitsa malonda mongodzipereka. Zosankha mbewu potengera kukula, zolongedza m'mabokosi, zogwirizana mtengo umodzi, zonsezi tinazigwira msanga. Kenaka anati Loweruka kubwera bwana wa masitolo a m'tauni, tsono aliyense ayeserere kutsatsa zake.

A Ozella anaima kutsogolo ndi mbatata yonga mkono wa khanda, n'kuyamba kupepesa: dzuwa linanyanya, nthaka yatopa, mwina nkhumba zingadye. A Lorna anagwira kumutu. Amene anaseka mpaka kutsokomola anali a Cleophus, mlamu wa a Ozella wolima mpiru, mng'ono wa malemu amuna awo. Awiriwa chidziwirane sanauzanepo mawu okoma. Koma nawo a Cleophus ataimirira anangoti mpiru wawo ndi udzu wamba. Akuluakulu awa, ayi ndithu, onse anali amodzimodzi!

A Lorna sanakwiye. Pa nthawi ya khofi anamva mlimi wina akutama kabichi wa mnzake ngati wolipidwa, ndipo pompo analamula kuti aliyense adzatsatse za mnzake. Anapatsa a Ozella mpiru wa a Cleophus, n'kupatsa a Cleophus mbatata za a Ozella.

"Basi ndafa ine," anatero a Ozella. "Munda wanga m'manja mwa chimkamwa ichi?"

Loweruka bwana uja anafika mu holo ya tchalitchi. A Ozella ndiwo anayamba. Anautama mpiru wa mlamu wawo mokweza ngati akutsogolera nyimbo, uku akumuyang'ana mwini wake ndi diso lofiira. Bwana anagwedeza mutu, mpiru wagulidwa. Atakhala pansi, a Ozella anayamba kudera nkhawa mbatata zawo, poti ankamudziwa bwino mlamu wawo ndi nthabwala zake.

A Cleophus anavula chipewa. Anathyola mbatata pakati, mkati muli psuu, n'kuipereka kwa bwana kuti alawe. Anafotokoza kuti mayiwa amakumba ndi manja kuopa kusupula khungu, ndipo sazitsuka mpaka zitakhala m'shedi yofunda n'kutsekemera. Kenaka mawu anawatsika.

"Achimwene anga akudwala, chakudya china chilichonse ankakana. Ankadya mbatata izi zokha. Ine chaka chilichonse ndimawabera alamu angawa mizere iwiri yakumalire. Zabwino kuposa izi kulibe."

Bwana anatenga shedi yonse, n'kupempha kuti chaka chamawa adzamusungirenso.

Panja, a Ozella anapukuta m'maso ndi mpango n'kumupeza mlamu wawo akukweza mabokosi m'galimoto. Anamukwapula nawo mpangowo paphewa.

"Ndiye mbala ija ndinu, alamu? Zaka zonsezi ine kumanamizira agwape!"

A Cleophus anati nanga si timizu chabe, toyenera nkhumba?

"Timizu? Pakamwa panupo! Mbatata zangazi m'boma lino mulibenso zina."

Anthu onse anatembenuka. A Ozella anadzigwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo a Lorna anali atayamba kuwomba m'manja.